Diso Limene Linachedwetsa Kusudzulidwa Kwanga

Tasenderani kuno ana inu, dengulo libwere pakati, tizitongola chimangachi tikucheza. Iwe Takondwa, ika foniyo m'thumba, siithawa. Ndiwe amene dzulo unatsegula sutikesi yanga pofuna singano, n'kupezamo mtolo wa timipango topukutira kumaso, ndiye ukuti, "Agogo, kodi munkagulitsa mipango?" Ayi mwanawe, sindinagulitsepo. Tonse tija ndinkapukutira diso limodzi, ili lakumanzereli. Nkhani yake ndikuuzani, koma musayembekeze kuti pomaliza ndikupatsani phunziro lake monga amachitira aphunzitsi a Sande sukulu, chifukwa ine mwini wakene mpaka lero sindinaimvetse.

Muyambe mwadziwa kuti ine si wa m'mudzi muno. Mukuseka, koma ndi zoona. Kwathu ndi kwa Nthache. Kuno ndinabwera ngati mkamwini, kudzakhala kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo wathu, nditanyamula khasu, nkhwangwa ndi bulangete limodzi lonunkha utsi wa makala. Agogo anu aakazi, malemu aNambewe, ndinawaonera pa njira ya ku Zobue. Masiku amenewo kunalibe kabaza, kunalibenso njinga zamoto zimene mumakwera atatuatatu ngati matumbazi. Tinkayenda wapansi, nkhuku zitamangidwa miyendo, pobwera titatenga mchere ndi buledi wolimba uja amati pawu. Kamba wa paulendo anali mbatata yootcha ndi masau m'thumba. Tsiku limenelo iwo anali atasenza dengu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa mawu, ine n'kuwakonza. Anatembenuka ndi dengu lomwe n'kunena kuti, "Achimwene, Mulungu wamva zimene ndikutanthauza." Kukonzana kumeneko kunatha zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo wokonzedwa kawirikawiri ndinali ine. Iwo sankadziwa kuwerenga, koma ndikalumpha liwu limodzi powawerengera Mawu a Mulungu ankati, "Bwererani, pamenepo mwadyapo."

Nyumba ya malata ija ili kuseri kwa mtengo wa bwemba ndinamanga ndine, njerwa ndinaumba ndekha. Manachesi a kumunsi kwa mundawo ndinabzala ndine, ndikuthirira ndi ndowa yodontha imene inkafika kumtengo madzi atatsala theka. Nyengo yozizira ikafika, akapsa, tinkawasenza m'madengu kupita nawo kumsewu, manja akununkhira makoko mpaka Lamulungu. Koma mkamwini ndi mkamwini. Dothi ndi la eni mbumba. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale ake amakhala pansi ndi abale a mwamuna n'kumusudzula, ndiko kuti kumuuza kuti ukwati watha ndi imfa, ndinu mfulu, mukhoza kubwerera kwanu. Amakunenera mwaulemu, thobwa lili pakati, koma tanthauzo lake n'loti unyamule khasu lako. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinaperekezapo anzanga awiri amene anasudzulidwa. Kungoti sindinaganizepo kuti zingandigwere, chifukwa ndinali nditapangana ndi mtima wanga kuti ndidzayamba kufa ndine. Koma Ambuye sanali nawo pa pangano limenelo.

ANambewe anatisiya m'nyengo yotentha, mango asanapse. Tinaika, tinameta. Apa ndinene chinthu chimene ndinachibisa nthawi yaitali: disoli linayamba kuyabwa iwo akadali moyo, akudwala. Ndinkati ndi utsi, popeza ndine ndinkawaphikira phala. Maliro atapita, anthu atabalalika, diso lakumanja linauma monga mmene maso amaumira, koma lakumanzere linakana. Misozi inkangotsika, poseka pomwe, pakudya pomwe. M'mawa zikope zinkakhala zitamatana ndi manthongo, moti ndinkayamba ndanyowetsa ndi madzi ofunda kuti litseguke. Pangodya apa, pafupi ndi mphuno, panatupa pang'ono n'kufiira ngati kakamwa ka mwana wa mbalame.

Patapita miyezi isanu ndi umodzi, alamu anga a Batisoni, achimwene awo a aNambewe, amene anali mwini mbumba, anabwera m'mawa n'kukhala pakhonde. Ndinadziwa chimene adzera. Tinayamba ndi za mvula, tinapita ku za mbuzi, tinabwereranso ku mvula. Nthawi yonseyo ine ndikupukuta diso. Kenaka anandiyang'anitsitsa.

"Alamu, mukadalirabe?"

Ndikanatha kunena kuti ndi diso chabe. Ndinangoweramitsa mutu, msozi n'kudonthera pabondo.

"Basi," anatero a Batisoni akudzuka. "Kwathu kuno munthu sitimusudzula misozi ili m'masaya. Anthu angati ndife zilombo. Tidikira liume."

Tidikira liume. Kuyambira tsiku limenelo, kukhala kwanga m'mudzi muno kunapachikidwa pa diso.

Musaganize kuti sindinafune mankhwala. Poyamba ndinawafuna ndithu. Kale diso likavuta tinkayamba ndi madzi amchere. Zikakanika, mayi woyamwitsa ankakufinyira mkaka m'diso. Iwe Chifuniro usakwinye nkhope choncho, nawenso anakudonthezerapo uli khanda, funsa amayi ako. Kutsidya kunalinso mayi wina amene ankachotsa chitsotso m'diso ndi lilime, ndipo anthu ankachokera kutali kukamupeza. Musadzachite zimenezi, adokotala anandikalipira nditangozitchula. Ine ndinayesa madzi amchere, ndinayesa kuthowa ndi nsalu yofunda. Kuchipatala china chaching'ono anandipatsa mankhwala a m'kachubu opaka m'diso, anati mwina ndi matenda ofiiritsa maso aja amagwira ana asukulu. Linkachita bwino sabata imodzi, kenaka n'kuyambiranso. Ndinapita kwina, anandipatsa odontheza. Chimodzimodzi. Chimene chinkandizunguza mutu n'choti matenda a ana asukulu aja amalumphira diso linzake, n'kugwira nyumba yonse, koma anga anakhulupirika kwa diso limodzi.

Pamene mankhwala ankalephera, anthu ankapambana pomasulira. Kutchalitchi ndinali wowerenga Mawu Lamulungu lililonse. Ndikaima kutsogolo misozi ikutsika, amayi ankagwedeza mitu, ena n'kuyamba kusisima. Mkulu wa mpingo wina anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati ndapatsidwa mphatso ya misozi ngati aneneri akale. Mnzake, Lamulungu lomwelo, ananditengera kuseri kwa tchalitchi n'kundikumbutsa kuti okhulupirira sayenera kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Ndinapita kunyumba nditanyamula maulaliki awiri otsutsana pa diso limodzi. Ndinamvanso kuti atsikana a kwaya ankauza zibwenzi zawo kuti, "Uzindikonda ngati a Lufeyo." Pamenepo a Lufeyowo, amene ndine, akungofuna pokandira.

Amene sanatengeke nazo anali a Feliya, ang'ono awo a aNambewe. Mwana wawo wamkazi anali atakwatiwa, ndipo banjalo linkadikira nyumba ndi munda umene ine ndinkalima. Podikirapo linkapanikizana m'kachipinda kamodzi kwa amayi ake, mwana ali m'njira. Musawaone ngati oipa agogo anuwo. Malo anali awo. Tsiku lina pachigayo anandilonjera mokweza kuti onse amve.

"Alamu, anyezi akutha pamsika wa Thambani. Akuti mukugula ndinu."

"Anyezi wa chiyani, mlamu?"

"Wa m'disomo. Chisoni chanji chosankha mbali? Achemwali anga munkawakonda ndi theka la mutu?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, diso likuchucha. Koma funsolo linandilowa ngati munga wa kuphazi, uja umati ukaponda umamveka, ukaufuna osaoneka.

Ndinkapemphera, koma sindinkadziwa chopempha. Ndikati, "Ambuye ndichizeni," lilime linkalemera, chifukwa tsiku louma diso ndilo linali tsiku lonyamula khasu. Ndikati, "Ambuye lisiyeni lizilira," manyazi ankandigwira, munthu wamkulu kupempha manthongo kwa Mlengi. Ndiye ndinkangopempha kuti kufuna kwake kuchitike, kenaka n'kumasuzumira kuti kufunako kwalowera mbali iti. Mawu amatiuza kuti Iye amasunga misozi ya anthu ake m'nsupa. Nsupa simuidziwa inu. Ndi kachikho ka mphonda kamene tinkasungiramo mafuta odzola, mabotolo asanachuluke. Ndinkadzifunsa kuti, kodi misozi iyinso akusunga? Kapena akuiyang'ana n'kunena kuti awa ndi madzi chabe? ANambewe ndinkawasowa, zimenezo musakayike. Ndinkatembenuka kuti ndiwauze kanthu n'kupeza mpando wokha. Koma nthawi zimene ndinkawasowa kwambiri sindizo zimene diso linkachucha kwambiri. Ziwirizi zinkayenda ngati anthu osadziwana amene angokumana panjira imodzi.

Kawiri konse kunalengezedwa kutchalitchi kuti kuboma kukubwera madokotala a maso. Ulendo woyamba ndinati mbuzi yadwala. Wachiwiri ndinati tayala la njinga laphwa. Mbuzi inadwaladi, tayala linaphwadi, koma Mulungu ankadziwa kuti ndinakondwera nazo. Motero zinatha zaka ziwiri, a Batisoni akubwera nthawi ndi nthawi kudzasuzumira kumaso kwanga, monga mayi woona ngati mphale yauma pamphasa, n'kubwerera.

Chimene chinadula zonsezi ndi Lamulungu lina, Isitala itayandikira. Ndili pakati powerenga ndinafinya pangodya paja ndi kampango, ndipo munatuluka mafinya ambiri n'kuphimba diso, zilembo n'kusungunuka. Ndinalumpha mzere, wina ndinaubwereza kawiri, kenaka ndinangoima. Enelesi, mwana wanga woyamba, amayi ako iwe Takondwa, anadikira mpaka tituluke.

"Bambo, imeneyo si misozi. Misozi sinunkha. Lachiwiri tikupita ku Blantyre."

"Lachiwiri ndili ndi..."

"Mbuzi ndaiona, ili bwino. Njinganso ndaipopa."

Mwana ameneyu anatengera amayi ake.

Tinakwera matola mpaka kuboma, kenaka minibasi, malole ochokera kumalire akutipitirira ngati mphepo. Ndinakumbukira mmene kale ulendo wa ku Blantyre unkakonzedwera sabata yathunthu. Unkatsanzika mudzi wonse, aliyense n'kukutuma kanthu, basi imodzi patsiku, ukaiphonya ndi mawa. Lero mumapita m'mawa kukagula nsapato n'kubwera dzuwa likadalipo, n'kumati mwatopa.

Kuchipatala cha maso tinakhala pamzere mpaka masana. Amene anatiitana anali dokotala wamkazi, wamng'ono moti ndinasuzumira kumbuyo kwake poganiza kuti mwina aakulu ake akubwera. Anandikhazika pa makina oikapo chibwano, nandiwalitsira kanyali m'diso. Anafunsa kuti zinayamba liti, ndagwiritsa ntchito mankhwala anji, ndiponso ngati diso linalo linavutapo. Kenaka anatenga timitengo tiwiri tokhala ndi thonje kunsonga, napanira chikope chakumunsi pafupi ndi mphuno, n'kufinya. Zinapweteka. Munatuluka mafinya, ndipo pakati pake panali kanthu kolimba, kachikasu, kochepa ngati njere ya mpiru.

"Eya," anatero, mawu ake ali ngati a mlenje amene waona mapazi a nyama. "Mayi, tabwerani muone."

Anatifotokozera pang'onopang'ono. Pangodya ya chikope chilichonse pali kabowo, ndipo kuchokera pamenepo pali kanjira kamene kamatenga misozi kupita nayo m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akalira amaminanso. Ine zaka zonsezi sindinkadziwa kuti Mlengi anakumba ngalande pankhope panga. M'kanjira kangako munalowa tizilombo tosaoneka ndi maso, tinaumba timiyala, n'kukhala m'kati mwake. Mankhwala odontheza ankangotsuka pamwamba, monga mvula imanyowetsera chulu, chiswe chili phee m'kati. Anati matendawa ndi osowa, azachipatala ambiri amagwira ntchito zaka osawaona, ndipo amafanana kwambiri ndi matenda wamba a maso, choncho ndisawadandaule amene anandipatsa kachubu.

"Ndiye kuti misozi yanga yachuluka?" ndinafunsa.

"Ayi agogo, sinachuluke. Ikungosowa podzera, ndiye ikusefukira kunja."

"Si chisoni?"

Anayamba wandiyang'ana, n'kuyang'ana Enelesi. "Chisoni makina angawa saona. Chimene ndaona ine ndi mafinya ndi timiyala."

Anati mankhwala ake ndi kung'amba pang'ono kanjirako, kupala timiyala tonse, n'kutsukamo. Ntchito yosatha ola limodzi, ine ndili maso, ndipo akhoza kuichita mawa lake. Pamenepo pakamwa panga panayamba kulankhula pokha. Ndinati mwina tidikire tikolole. Ndinati ndazolowera. Ndinati munthu wokalamba sang'ambidwa chisawawa.

"Agogo," anandidula, "kodi mukufuna kuchira?"

Funso limenelo ndinaliwerengapo pamaso pa mpingo kosawerengeka, Ambuye akufunsa munthu uja anagona zaka zambiri pambali pa thamanda. Nthawi zonse ndinkadabwa kuti wodwala n'kumufunsanso zoterozo? Ndipo munthu uja sanati inde, anayamba kufotokoza zifukwa, monga mmene ndinkachitira ine. Dokotalayo sindikudziwa ngati anali wopemphera, mwina anali atangotopa ndi mzere. Anayankha ndi Enelesi kuti, "Akufuna." Ndinasaina pepala osadziwa ngati ndikusainira kuchira kapena kuchoka.

Mawa lake anandigoneka chagada, n'kundibaya jekeseni wochititsa dzanzi pambali pa mphuno. Ameneyo yekha ndiye anawawa. Zotsalazo ndinkangomva kukanda, ngati munthu akupala mphika kunyumba ina. Anali ndi kasupuni kochepa kuposa mutu wa machesi. Anatulutsa timiyala tisanu ndi tiwiri, natiyala pathonje kuti ndione, tina n'kutiika m'kabotolo kuti akatipime adziwe mtundu wa tizilombo. Ndinatiyang'ana tinthu timeneto. Zaka ziwiri za maulaliki, za chipongwe cha pachigayo, za kudikira kwa mudzi wonse, zonsezo zikanakwana pa chikhadabo chimodzi. Kenaka analowetsa kapaipi m'kabowo kaja n'kuthiramo madzi.

"Mukumva chiyani kukhosi?"

"Madzi. Amchere."

"Mezani. Njira yatseguka."

Ndinameza. Anandipatsa mankhwala odontheza ndi ena akumwa, nati ndidzabwerenso adzandione. Ndinafika kumudzi ndili ndi bandeji. Pasanathe masabata awiri chotupa chinaphwa, manthongo anatha, diso linauma gwa.

Tsopano apa mpamene pali tchimo langa, ndipo ndikufuna mulimve kwa ine, osati kwa anthu. Enelesi anauza anthu kuti bambo achitidwa opaleshoni, koma za timiyala anasiyira ine kuti ndifotokoze ndekha. Ine sindinafotokoze. Ndinapitiriza kuyenda ndi kampango. A Batisoni akamadutsa, dzanja linkakwera lokha kukapukuta diso louma. Masabata atatu ndinachita zimenezo. Kale ndikanatha kudziteteza kuti sindidziwa chimene chikuliza diso, koma tsopano ndinkadziwa, ndinali nditachiona pathonje.

Kenaka analengeza Mgonero wa Ambuye. Inu mukudziwa kuti munthu amayenera kudziyesa yekha asanafike pagome limenelo. Ndinadziyesa, ndipo sizinatenge nthawi. Loweruka m'mawa ndinapita kwa a Batisoni. Ndinawapeza akukonza khola la mbuzi, luzi lili pakamwa.

"Alamu, diso lija linauma."

Anapitiriza kumanga.

"Linauma masabata atatu apitawo. Ndipo sichinali chisoni. Anali matenda, timiyala m'njira ya misozi. Linayamba achemwali anu akadali moyo. Tsiku lija munandifunsa pakhonde ndikanakuuzani."

Analavula luzi. "Alamu, maso angawa ali ndi ng'ala, koma kampango kouma ndimakadziwa. Konyowa sikauluka ndi mphepo."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndinene chiyani? Inu mumapukuta, ine ndimayang'ana kumbali, a Feliya amatilalatira tonse awiri, mudzi ukuyenda. Tsopano mwandilawirira ndi chilungamo chanucho, mwandipatsa ntchito." Anakhala pachitsa n'kuusa moyo. "Mukanangokhala chete, munthu wa Mulungu inu."

Ndinachoka pamenepo mutu utazungulira kuposa mmene ndinafikira. Kupita kukalapa kwa munthu, iye n'kumakudandaula chifukwa cholapa! Ndinalowera kwa a Feliya, ndinawapeza akupeta. Anamvetsera mpaka kumapeto, lichero lili pamiyendo.

"Ndiye sanali anyezi?"

"Sanali anyezi."

"Pa anyezipo pepani. Koma zinazo sindipepesa."

Mawa lake Mgonero ndinadya.

Tsiku losudzula linafika titakolola. Anaphika thobwa. Kwathu kwa Nthache kunabwera mwana wa malemu mchemwali wanga, munthu amene ndinamuona komaliza asanamere imvi. A Batisoni analankhula bwino. Anati ndinamusunga mlongo wawo, sindinamutukulirepo dzanja, ndipo akuluakulu a mudzi uno ndinawakumbira manda ndi manja anga. Kenaka anati, "Alamu, takusudzulani. Pitani ndi mtendere." Amayi anaomba m'manja mwapansipansi. Wachibale wanga uja anayamba kumangirira khasu ndi sutikesi panjinga.

Pamenepo Enelesi anasendera kutsogolo chogwada.

"Amalume, ndilankhuleko. Amene mwasudzulayo ndi mwamuna wa achemwali anu. Koma ine ndili ndi bambo anga okalamba, alibe wowaphikira. Ndikupempha ndiwamangire kanyumba kuseri kwanga, pamalo anga."

A Batisoni anayang'ana a Feliya, popeza aliyense ankadziwa kumene yankho lichokere.

"Nyumba ya malata ndi munda zikupita kwa mwana wanga," anatero a Feliya. "Zimenezo zatha. Ndipo mkamwini atuluke, akaone kwawo, mwambo usachite manyazi. Akatuluka, amene Enelesi adzamulandire pakhomo pake ndi mlendo wake. Ine za alendo a eni sindilowerera."

Ndinatulukadi. Kwa Nthache ndinakhala mwezi ndi theka. Njira zimene ndinkazidziwa zinali zitasanduka minda, mitengo imene ndinkalondolera nayo inapita kumakala. Anandisunga bwino, sindinganame, koma ana ankandithawa, ndipo kutchalitchi anandiimiritsa kuti ndinene dzina langa ndi kumene ndachokera. Ndinatchula mudzi uno, anthu n'kundiombera m'manja pamalo pamene ndinabatizidwira.

Kumeneko ndinali ndi nthawi yoganiza, ndipo kuganizako sikunandithandize. Kodi ndi Ambuye amene analola tizilombo tija, kuti ndikhale zaka zina ziwiri pafupi ndi manda a mkazi wanga? Nanga banja lija linapanikizana m'kachipinda ndi khanda chifukwa cha diso langa, iwo sanali ana ake? Ndithokoze matenda, kapena ndithokoze kuchira kumene kunandichotsa m'nyumba yanga? Ndinafunsapo abusa, anati njira za Mulungu n'zosalondoleka. Zimenezo ndinkazidziwa kale. Ine ndinkafuna wina woti andilondolereko pang'ono.

Kanyumba kano katatha kufoleredwa, Enelesi anatuma uthenga. Ndinafika masana, fumbi lili mbuu m'miyendo. Mwana wanga asanatuluke n'komwe, anatulukira a Feliya atanyamula mpando. Anauika pamthunzi, n'kugwada chapatali monga amachitira kwa munthu wachilendo.

"Takulandirani alendo. Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu kuno?"

"Kuno tilipo. Kaya alendowa akhala nafe masiku angati?"

Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akuseka. Maso onse awiri ankaona bwinobwino, koma sindinathe kudziwa.

"Mlamu," ndinatero, "sindikudziwa."

"Chabwino," anatero akudzuka, akusansa chitenje. "Mukadziwa mutiuze, tidzakuperekezeni."

Papita zaka zinayi tsopano. Sindinawauzebe.